Unali K380, Tsopano K320

Anthu akamakumbutsana za chaka chomwe mvula inathawa Lusaka, ena amayamba ndi minda yopserera, ena ndi magetsi omwe ankazima tsiku lonse. Ine chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi cholembera chofiira, chonenepa ngati chala chachikulu, ndi fungo lake lomwe linkandipweteketsa mutu. Papita nthawi tsopano, koma sindinasiye kudabwa ndi zimene kacholembera kameneko kanachita.

Novembala

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'sitolo ina ya zakudya m'tauni, kufupi ndi Intercity, pamene mabasi a maulendo aatali amakwezera anthu. Mwini sitoloyo anali ba Sakala, bambo wamfupi wa mawu ofewa, yemwe m'mawa uliwonse ankatiyambitsa ntchito ndi pemphero. Ine ntchito yanga inali yolandira ndalama pa kauntala, koma popeza ndili ndi dzanja labwino, zikwangwani zonse za mitengo ndinkalemba ndine.

Dzanja limeneli anandipatsa ndi atate. Iwo anagwira ntchito ya ukalaliki m'boma zaka zambiri, ndipo ndili mwana ankandikhazika patebulo Loweruka lililonse, kundilembetsa zilembo mpaka zitaima chilili mowongoka. Amayi atamwalira, atate anabwera kudzakhala nafe ku Chelstone, ine ndi mwamuna wanga Yosefe, mphunzitsi wa pulayimale, ndi ana athu awiri, woyamba ali Dalitso. Anali ndi kamunda kobwereka kunja kwa tauni, njira yopita ku Chongwe. Chaka chabwino kankatipatsa matumba khumi ndi anayi, okwanira ife n'kutsalako opatsa mng'ono wanga wa ku Kabwata. Malipiro athu ankatha kulipira lendi ndi sukulu chifukwa cha chinthu chimodzi: ufa sitinkagula.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa mwezi, yabwino, ya masiku awiri osalekeza. Tinadzala banja lonse. Chimanga chinamera ngati chochita kuitanidwa, mizere yonse yodzaza, yopanda mpata. Atate anaima m'malire mwa munda, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Chaka chino tigulitsako."

Januwale

Pakati pa mwezi mvula inadula. Poyamba palibe amene anada nkhawa, mvula imapumako. Sabata inatha, yachiwiri, yachitatu. Chibadwire ndinali ndisanaone thambo lotero m'nyengo ya dzinja: loyera mbee, lakuya, lopanda ngakhale kamtambo kochita kunamizira. Masiku ena masana mitambo inkasonkhana cha ku bwalo la ndege, yakuda bii, mpaka amayi a pamsika wa Chelstone ankayamba kuphimba tomato wawo ndi mapulasitiki. Kenako mphepo inkabwera n'kuimwaza yonse ngati munthu akusesa pabwalo. Tinkatsala titaima mumsewu, makosi m'mwamba, anthu osadziwana, tonse chete. Ndinali ndisanadziwe kuti mzinda wonse, ndi magalimoto ake ndi nyumba zake zazitali, ungachepe chonchija pansi pa thambo.

Kumunda chimanga chinali chitangoyamba kumasula ngayaye. Masamba anadzipinda, anaonda ngati a anyezi. Atate ankayenda m'mizere osalankhula, akugwira tsamba ili, kugwira ilo, ngati munthu woona odwala m'chipatala.

M'tauni munadzaza mphekesera. Ena ankati ufa utheratu mwezi wa Malichi usanafike. Ena ankati malole akuutulutsa kunja kwa dziko. Ena ankati madzi a kudamu la magetsi atsika mpaka miyala yomwe agogo awo sanaionepo yaonekera. Aliyense wolowa m'sitolo ankabwera ndi nkhani yake, n'kutuluka ndi ya mnzake.

Febuluwale

Lolemba lina, thumba la makilo 25 la unga, monga timautchulira ufa kuno, tinkaligulitsa K290. Lachitatu m'mawa ba Sakala anandiitanira kuchipinda chosungira katundu, komwe matumba anali atasanjidwa mpaka kudenga.

"Ba Idah, tengani ka peni kanu kofiila," anatero. "Lembani so: UNALI K380, TSOPANO K320. Mu Chinyanja, kuti banthu bamvele mu mtima. Pansi muikepo: MASIKU ATATU CHABE."

"Koma ba bosi, sunafikepo pa 380. Pa Mande unali 290."

Anamwetulira ngati ndine mwana wofunsa za chinthu chophweka. "Ku Kabulonga, kwa banthu ba ndalama, bagulisa kale 380. Na ise tizafikapo mwezi wa mawa. Manje ngati uzafika, bodza ili pati? Tibathandiza chabe kugula mwamsanga."

Ndinalemba. Ndikanakonda kunena kuti dzanja linanjenjemera, koma silinatero. Chinali chikwangwani chokongola kuposa zonse zomwe ndinalembapo. Nambala ya 380 ndinailemba bwinobwino, kenako ndinaidula ndi mzere umodzi wonenepa, wopendekera. Ya 320 ndinaikulitsa mpaka munthu akanatha kuiwerenga ali tsidya la msewu.

Nthawi isanakwane teni koloko, mzere wa anthu unali utatuluka pakhomo, wadutsa sitolo zitatu, wakhota pakona. Ambiri anali a paulendo. Zaka zonse chimanga chimachokera kumudzi kubwera m'tauni, koma chaka chimenecho zinthu zinatembenuka: ufa unkakwera mabasi kuchoka ku Lusaka kupita kumidzi, kwa makolo omwe minda yawo inali itauma. Anyamata a mawilibala ankathamanga pakati pa sitolo yathu ndi Intercity, matumba asanu asanu, thukuta lili kamukamu.

Mayi wina wachikulire anandipatsa ndalama yake, n'kugwira dzanja langa. "Mwatipulumutsa, mwana wanga. Sikisite kwacha yonse yasala, nizaguliramo shuga. Mulungu akudalitseni."

Anali atalipira K30 kuposa mtengo wa dzana lake, ndipo ankandidalitsa. Koma chimene chinandiziziritsa thupi si alendowo. Anali makasitomala athu a masiku onse, anthu omwe anagula pa 290 Lolemba lomwelo, ndalama n'kundipatsa ine ndemwe. Nawonso anaima pamzere, akuuzana kuti, "Gulani manje, yasika." Mzere umodzi wofiira wodula nambala unali ndi mphamvu kuposa zimene maso awo anaona. Ndinkayang'ana khamu lija, n'kuyang'ana zala zanga zothimbirira ndi inki, osamvetsa kuti chinthu chachikulu chonchi chingatuluke m'kanthu kakang'ono chotere.

Masiku atatu aja anakhala sabata, kenako mwezi. Ndinalemba zikwangwani zina. Chimodzi chinkati MPAKA THEKA LA MTENGO, mawu akuti "mpaka" ali aang'ono ngati nyerere, pomwe zomwe zinalidi pa theka la mtengo zinali zitini zingapo zopindika za polishi wa nsapato. China chinkati ATSALA OCHEPA, ndipo kutsogolo tinkatulutsako matumba khumi okha nthawi imodzi, kuchipinda kuli kodzaza. Pamwamba pa kauntala yanga ndinapachika china: KATUNDU WOGULIDWA SABWEZEDWA.

Kunyumba sindinanene kanthu.

Malichi

Chimanga chathu cha chaka chatha chinatha mwezi umenewu. Zaka zina nthawi ngati imeneyi tinkakhala tikudya mondokwa ndi maungu, tikudikira kukolola. Chaka chimenecho munda unali wofiirira ngati wa mu Ogasiti, ukulira tswatswatswa mphepo ikawomba.

Lachinayi lina ndikuwerenga chenji, ndinakweza maso n'kuona atate pamzere. Anali atavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa. Anadikira ngati wina aliyense, pafupifupi ola lathunthu. Atafika pa kauntala anaika K320 yawo ya penshoni, n'kunena kuti, "Thumba limodzi." Sanandipatse moni.

Nthawi ya nkhomaliro ndinawapeza panja, atakhala pa thumba lawo, pansi penipeni pa chikwangwani.

"Atate, bwanji osandiuza? Ndikanabweretsa ndine."

"Ndinamva kumsika kuti kufupi ndi Intercity kuli sitolo yomwe yatsitsa ufa kwambiri. Ndinati ndikuthandizeniko, inu ndi amuna anu muli ndi zambiri." Analoza m'mwamba osayang'anako. "Amake Dalitso, eyiti wa mu 380 uyu ndi dzanja lanu. Ndinamudziwa ndili tsidya lija."

Ndinayang'ana zala zanga zothimbirira ndi inki.

"Unali 380 liti? Paja mwezi watha munkatiuza kunyumba kuti kwanu ndi 290."

"Atate, ndi ntchito."

"Ndikudziwa. Inenso ndinagwirapo ntchito." Anavula chipewa, n'kupukuta pamphumi. "Kumsika kwathu ku Chelstone ufa womwewu ndi 315. Ndawononga ya basi, kubwera ndi kubwerera, kuti ndidzagule modula. Ine wodziwa kuwerenga ndi kuwerengera. Nanga ena aja?"

Sanakalipe. Ndinawathandiza kukweza thumba mu minibasi, ndipo madzulo ake kunyumba anacheza ndi ana monga mwa masiku onse. Nkhaniyo sanaitchulenso. Ndikanakonda akanandilalatira.

Mwezi womwewo panali kasitomala wina, ba Mutinta, namwino wokhala ku Kabwata, yemwe ankabwera Lachisanu lililonse. Iwo ndi azichimwene awo ankasonkherana kudyetsa mayi awo kumudzi, choncho asanagule chilichonse ankajambula mtengo pa foni n'kutumizira abalewo. Tsiku lina anatsamira pa kauntala.

"Ba sisi, masiku atatu aya yasila liti?"

Ndinaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke. Anatembenuza foni n'kundionetsa chithunzi cha kumayambiriro kwa Febuluwale: kachikwangwani kakang'ono pa shelefu, K290, dzanja langa. Anasuntha chala, panabwera cha sabata yapambuyo pake, ndi ina, ndi ina, kubwerera mpaka Disembala. Nambala ya 380 panalibe paliponse.

"Ni dzanja limodzi ili," anatero motsitsa mawu. "Sinili na nkhani na imwe. Koma kuli ofesi ya boma yoteteza bogula, nizayendako."

Epulo

A ku ofesi ya boma ija anabwera atatu, Lachiwiri m'mawa, amuna awiri ndi mayi mmodzi yemwe ankaoneka kuti ndiye mkulu wawo. Ndinkayembekeza anthu aukali, a nsapato zolemera. Awa analowa ngati ogula, anaonetsa ziphaso zawo, n'kupempha mwaulemu kuti aone mwini sitolo. Anajambula zikwangwani zonse. Analowa kuchipinda chosungira katundu n'kuyang'ana matumba aja kuyambira pansi mpaka kudenga.

Mayi uja analankhula ndi ba Sakala pafupi ndi kauntala yanga, ogula akumva.

"Ba Sakala, lamulo silikukuletsani kukweza mtengo. Zinthu zakwera, tonse tikudziwa. Koma mukalemba kuti 'unali', uyenera kuti unalidi, anthu anagulapo pa mtengo umenewo m'sitolo muno, osati ku Kabulonga. Mukalemba 'masiku atatu', akhale atatu. Mukalemba 'atsala ochepa', akhaledi ochepa. Ndipo ichi chakuti katundu sabwezedwa, chitsike lero lomwe. Munthu akagula ufa wofumbwa ali ndi ufulu wobwera nawo."

Ndinaima kukamwa kuli yasa. Ndinkadziwa kuti kuli malamulo a akuba ndi a opha anthu. Sindinkadziwa kuti kuli lamulo lolondera timawu ting'onoting'ono ngati "unali" ndi "mpaka". Kuti penapake panakhala anthu, n'kuganizira za mayi wokalamba wotsika basi ndi ndalama yomanga pa nsalu, n'kulemba kuti mayi ameneyu asapusitsidwe ndi mawu. Chaka chomwe chilichonse chinkaoneka kuti chatitaya, mvula, magetsi, minda, kanthu kameneka kanali chiimire, kakugwira ntchito.

Ba Sakala sanatekeseke. "Madamu, unali 380 sabata imodzi mu Januwale. Malisiti yakale yanasoba, koma uyu wa pa kauntala angakuuzeni."

Ananditembenukira ndi nkhope yawo yofewa ija. Mayi uja nayenso ananditembenukira.

"Zikwangwani izi analemba ndani?"

"Ndine."

"Dzina lanu?"

"Idah."

"Ba Idah, munalandirapo K380 pa thumba la ufa m'sitolo muno?"

Ndinaganiza za lendi, za sukulu ya Dalitso, za munda wouma, za malipiro a Yosefe omwe ankatha mwezi uli pakati. Pakamwa panga panali patayamba kale kunena kuti ee.

"Ee... iyayi. Sindinalandirepo. Unali 290."

Sindinali wolimba mtima. Mawuwo anangotuluka okha ngati chifuwa, ndipo atatuluka ndinafuna kuwabweza. Mayi uja analemba m'buku lake, n'kunena kuti zikomo, ngati ndamuuza nthawi. Zikwangwani anatiuza kuti titsitse pomwepo. Ndinakwera pa mpando n'kuzichotsa ndekha, chimodzichimodzi, anthu a pamzere akuyang'ana. Bambo wina anafunsa za kutsitsa mitengo kuja kuti, "Manje selo yasila?" Ba Mutinta, omwe anali ataima pakhomo ndi yunifolomu yawo yoyera, anamuyankha kuti, "Sinayambepo, ba tate."

Kumapeto kwa mwezi ba Sakala anandiitana. "Bizinesi yasika, ba Idah. Pumulankoni pang'ono, tizakuitanani." Sanandiitanenso. Pambuyo pake ndinamva kwa anzanga kuti analipitsidwa chindapusa, ndiponso kuti ena mwa omwe anasunga malisiti anabwezeredwako ndalama.

Meyi

Yosefe nditamuuza anakhala chete masiku awiri. Tsiku lachitatu, akumanga zingwe za nsapato, anati, "Tizadya vochepa chabe. Sitizafa." Atate anamva zonse ali pa khonde. Sananene kuti ndachita bwino, sananene kuti ndalakwa. Anangofunsa ngati mawa ndingathe kuwaperekeza kumunda, popeza tsopano ndinali ndi mpata.

Tinayamba kudya nsima kamodzi patsiku. M'mawa ana ankapita kusukulu atadya mbatata ndi tiyi wopanda mkaka. Ufa tinkagula wa timapaketi ting'onoting'ono tomwe timati pamela, ine amene poyamba ndinkaona ngati timeneti ndi ta anthu ena. Aneba athu a kumanzere anagulitsa filiji, akuti ya chiyani magetsi kulibe. A kumanja anagalauza kapinga yense wa pabwalo n'kudzala repu, akuthirira ndi madzi otsukira mbale. Mumsewu mwathu, momwe kale anthu ankangopatsana moni pa geti, tinayamba kudziwana ndi kupemphana mchere.

Tinakolola matumba awiri ndi theka. Zisononkho zambiri zinali zazifupi ngati chibakera cha mwana, njere zili apa ndi apo. Koma m'munsi mwa chulu, pomwe panali kachinyontho, tinapeza maungu asanu ndi awiri akuluakulu obisala m'udzu, ndi khobwe yemwe tinali titamuiwala. Atate anatola kachisononkho kamodzi ka njere zosakwana makumi awiri, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Taonani, amake Dalitso. Milungu yonse ija popanda dontho, dzuwa likuwotcha chonchija. Komabe chinayesa."

Anakaika m'thumba la jekete, osati mu saka.

Juni

Chigayo cha kwathu chinkadikira magetsi omwe sankabwera, choncho ndinanyamula theka la thumba la chimanga chathu kupita ku chigayo china cha injini ya dizilo, cha ku Avondale. Kunkazizira, mphepo ya fumbi ikuwomba. Ndinakhala kumbuyo kwa minibasi, thumba pamiyendo.

Kutsogolo kwanga mayi wina wonenepa, wovala duku la buluu, ankasimbira anzake nkhani. Sindinkamvetsera mpaka ndinamva mawu akuti Intercity.

"Ati bwana anamuuza, 'nama, nizakupasa faivi sauzande.' Mukazi anakana. Anaimilila pa tebulo, pamaso pa bapolisi, anakamba ati, 'banthu bali na njala, imwe mubabela!'"

"Pa tebulo?" wina anafunsa.

"Pa tebulo! Mulamu wanga analipo. Ati sanayope olo pang'ono. Ati anang'amba vikwangwani vonse na manja."

"Iyayi," anatero bambo wina wa pawindo, "ine ninamvela ati anali wa boma kuchokela kudala. Banamutuma chabe kuti agwile nchito muja, azibajambula."

"Wa boma wa kuti? Ni mukazi chabe monga ise. Ati ni wa ku Kabwata."

"Wa ku Matelo," wina anakonza.

Ndinakhala nditagwira thumba langa, nkhope ikutentha. Ndinkafuna kunena kuti panalibe apolisi, panalibe tebulo, panalibe faivi sauzande. Kuti mkaziyo ndi amene analemba bodzalo ndi dzanja lake kwa miyezi iwiri, ndipo poyankha anayamba ndi ee. Kuti wolimba mtima weniweni anali namwino wa foni. Koma ndinayang'ana nkhope zawo, anthu otuwa ndi fumbi, aliyense ndi kathumba kake kopepuka, maso akuwala ngati amva kuti kwinakwake kwagwa mvula. Ndinawasiya asimbe.

Kondakitala anaitana siteji yanga. Sindinatsike. Ndinkafuna kumva mmene zinandithera.

"Manje banamuchita chani?" anafunsa mtsikana wina.

"Boma inamutenga," anatero mayi wa duku uja, akumenya pa bondo. "Manje ali na ofesi yake, na motoka, na dalaiva."

"Mulungu ni wamukulu," basi yonse inavomera.

Ndinatsika patadutsa masiteji awiri. Ndinasenza chimanga changa pamutu n'kuyamba kubwerera wapansi m'mbali mwa msewu, fumbi likundilowa m'maso, ine mayi wa ofesi ndi galimoto ndi dalaivala, ndikuseka ndekha mpaka misozi, anthu akundipatukira.